Mchenga pa Galasi la Ndege

Ndinamva phokosolo tisanatulukire n'komwe pabwalo la ndege. Kwecha, kwecha, kwecha. Aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja amalidziwa: ndi mchenga ukamadya mwaye pa poto. Ine ndinali kutsogolo kwa machira, mnansi wathu Simioni kumbuyo, ndipo pakati pathu panali mkazi wanga Halima, atagona chammbali, akuluma nsonga ya mpango wake kuti asabuule. Ndinadabwa kuti ndani angatsukire mapoto pabwalo la ndege m'mamawa ngati umenewo. Titakhota pamtengo wa bwemba, ndinaona.

Mlamu wanga Abiba, mkulu wake wa Halima, anali ataima pamgolo, chitenje atamanga m'chiuno, atayedzamira mphuno ya ndege. Kudzanja lamanja anali ndi chinkhupule, kulamanzere mbale ya mchenga wonyowa wosakaniza ndi phulusa. Ankakwecha galasi lakutsogolo ndi mphamvu zake zonse, mozungulira mozungulira, uku akuimba chapansipansi.

Simioni amati machira tinawatula bwinobwino pamthunzi. Ine zimenezo sindikuzikumbuka. Ndimangokumbuka ndikuthamanga.

"Alamu! Siyani! Chonde siyani!"

Anatembenuka akumwetulira, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Mwafika, che Uladi? Bwerani muone ntchito ya manja anga. Tizilombo tija tinakakamira zedi, koma tapita tonse."

Anatunga madzi m'ndowa n'kuthira pagalasipo. Madzi anatsetsereka, ndipo galasi linawaladi. Mipando yam'kati inkaoneka, ngakhale chipewa cha woyendetsa ndege chimene anachikoleka pachitseko.

"Mwaona?" anatero monyadira. "Mungathe kumeterapo ndevu."

Ndinkadziwa bodza la madzi: amalowa m'mizere yokandika n'kuibisa. Tinaima chiimire awirife, dzuwa likukwera kuchokera kumapiri a Namwera. Galasi linayamba kuuma kuyambira pamwamba. Chipewa chija chinazimirira, kenako mipando. Posakhalitsa lonse linali mbuu, ngati diso la munthu wa ng'ala.

Tinali othawa nkhondo. Tinachokera kuseri kwa Mandimba, ku Mozambique, ndipo titatopa ndi moyo wa mumsasa, achibale a Halima anatipatsa kamalo m'mudzi wina pafupi ndi Nkopola. Chiyao chathu ndi chawo chinali chimodzi, koma ana ankatilozabe chala. Ine ndinachita mwayi. Bungwe lina lothandiza othawa nkhondo linkaimika kandege kake ka mipando inayi pabwalo lafumbi kumeneko, ndipo popeza ndinasesapo m'shedi ya ndege ku Lichinga, anandilemba ntchito yothamangitsa mbuzi ndi kutsuka ndege.

Woyendetsa wake anali a Nicholas, mwana wa ku mishoni ya ku Malindi, munthu wosayankhulayankhula. Ndi iwo anandiphunzitsa za galasi lakutsogolo.

"Timangolitcha galasi, Uladi, koma ili ndi pulasitiki," anandiuza tsiku loyamba. "Uziligwira ngati khungu la khanda."

Choyamba madzi, ambiri, osaumira. Kenako chikhatho chopanda kanthu, mphete utavula, kuti kamchenga kalikonse ukamve ndi khungu lako kasanakande. Pomaliza kansalu kofewa ka thonje, kuchokera pamwamba kutsika pansi, osazungulira, chifukwa mizere yozungulira imagwira dzuwa kumbali zonse n'kumuchititsa khungu woyendetsa. Petulo ayi, palafini ayi, nyuzipepala ayi. Pakaoneka kamng'alu, tinkaboola kabowo kakang'ono kunsonga kwake kuti kasapitirire. Ntchito imeneyo ndinkaikonda. Kansalu kanga ndinkakasunga m'chitini chotsekera, ndipo Halima ankandiseka kuti kansaluko kamagona pabwino kuposa mkazi wanga.

Halima anali ndi nkhondo m'thupi. Tikuthawa, mayi amene anali patsogolo pake anaponda bomba lokwirira pansi. Mayiyo sitinamuikenso m'manda. Halima anatsala ndi kachitsulo kumsana, pafupi ndi fupa. Bala linapola, anatunga madzi, anabereka mwana wathu Ajira, tinaiwala. Koma chaka chimenecho, mvula ili pakati, kachitsuloko kanadzuka. Msana unatupa, thupi linatentha, miyendo inayamba dzanzi. Dokotala wa bungwe lija anati kachitsuloko angakachotse ndi akatswiri a ku Blantyre okha, ndipo anatichenjeza kuti wodwalayo asagwedezeke. Msewu nthawi imeneyo unali maenje okhaokha, ndipo pena mlatho utakokoloka, galimoto zinkadutsa m'miyala.

A Nicholas atamva, anakanda kumutu n'kunena kuti, "Lachinayi ndikupita ku Blantyre wopanda katundu. Ndichotsa mipando yakumbuyo, agone pansi. Adokotala avomera."

Ine ndinathokoza ndi pakamwa, monga ndinali nditazolowera. Abiba sakanatha kutero. Anali mayi wamasiye, mwamuna wake anaphedwa iye akuona, ndipo chimene nkhondo inalephera kumulanda ndi ulemu wake. Mapoto ake ankawala mpaka amayi akudooko ankati amawanyambita. Halima anamulera ndi iye. Atamva za ndege, anagwira thadzi lake limodzi lokhalo n'kupita nalo kwa a Nicholas. Iwo anaseka mwachifundo n'kumuuza kuti nkhukuyo akamuphikire wodwala.

Anabwerera nkhope itagwa, nkhuku ili m'khwapa.

"Akana nkhuku yanga," anatero. "Ndiye ife tasanduka anthu ongolandira basi? Ufa kulandira, nyemba kulandira, bulangeti kulandira. Kwathu munthu akakuchitira chifundo iwe ulibe kanthu, umakamupalirira m'munda, umakamutsukira mbale. Manja ndikadali nawo ine."

Lachitatu masana ndege inadutsa mumtambo wa nkhungu, tizilombo tam'nyanja tija touluka ngati utsi, ndipo inatera galasi lili bii, tizilombo titaumirapo. Zoterozo sukanda. Ndinayalapo nsalu yonyowa kuti tifewe, n'kuthamangira kunyumba kukaona wodwala, ndikuti ndidzatsuka m'mawa. Abiba analawirira atangomaliza pemphero la m'bandakucha. Mlonda anamutsegulira chifukwa anali mlamu wa Uladi, ndipo mlamu wa Uladi akuyenera kudziwa za ndege. Anatsuka matayala, anapukuta mapiko. Atachotsa nsalu ija n'kuona litsiro, anachita chimene mayi aliyense waukhondo wakunyanja akanachita.

A Nicholas anafika pa njinga yamoto, chikwama chili kumsana. Anapereka moni kwa Halima pamthunzi paja, anamufunsa ngati ankaopa kuuluka, iye n'kumwetulira kuti akuopa pang'ono. Kenako anayang'ana ndege. Anaima nthawi yaitali. Anatsegula chitseko, anakhala pampando wawo, anasuzumira uku ndi uku.

"Uladi, kaime kutsogoloko."

Ndinakaima.

"Kweza dzanja."

Ndinakweza.

"Wakweza?"

Pamenepo ndinadziwa kuti a Nicholas sakundiona. Anatsika pang'onopang'ono.

"Wachita ndani?"

"Ndine, bwana," anatero Abiba, atagwada, manja ali pamodzi. Mawu ake anali akadali ndi kachiyembekezo. "Munakana nkhuku. Ndinati ndikuthokozeni ndi manja."

Bwenzi a Nicholas atatukwana, mwina zikanapepuka. Anangokhala pa tayala, nkhope ili m'manja. Ine ndi amene ndinakalipa. Ndinamuuza Abiba zonse za madzi, za chikhatho, za kutsika pansi osazungulira, ndikukuwa ngati kuti kuphunzitsa munthu pamenepo kukanabweza kanthu. Ndinamutcha dzina limene sindilibwereza pano. Iye anangoyang'ana chinkhupule chili m'dzanja lake.

"Bwana, ndilipukuta," ndinatero. "Polishi ilipo. Mundipatse mpata mpaka masana."

"Mizere yake yalowa kwambiri, Uladi."

"Muiulutse mukusuzumira pazenera lam'mbali. Njira mumaidziwa."

"Njira ndimaidziwa. Mbuzi ikalowa m'bwalo ndiidziwa bwanji? Kutsogoloku kuli mitambo, kuli phiri la Zomba. Ukufuna ndimuphe ndi manja anga mkazi wakoyu?"

Anakaimba wailesi ku Blantyre. Ine ndinakwera pamgolo womwe uja. Ndinayamba ndi sandipepala wosalala kwambiri, womunyowetsa, kenako polishi. Polishi itatha, a Nicholas anandipatsa mankhwala awo otsukira mano. Halima tinamugoneka m'kanyumba ka mlonda kuti tisamuyendetsenso. Ndinapukuta tsiku lonselo ndi lotsatira lake, mpaka zala zinachita matuza, matuza n'kuphulika. Abiba ankabweretsa madzi n'kuika patali, osayandikira. Pamapeto pake ndinatsegula kamalo kokula ngati mbale yodyera, moyang'anizana ndi maso a woyendetsa.

A Nicholas anakhalanso pampando. Anasuzumira pakamalo kanga, anapendeketsa mutu.

"Wayesetsa, mnzanga," anatero. "Koma pamene wapukutapo paonda. Mtengo uwo ndikuuona ngati uli pansi pa madzi. Sindingathe kudziwa kuti nthaka ili pati."

Loweruka tinamva kulira kwa ndege ina. Ndinathamangitsa mbuzi ndi mtima wovina, ndikuti Mulungu wamva. Inali ndege yahayala, yoyera bwino, galasi lake lopanda ngakhale kachipsera. Munatsika makaniko ndi bokosi la zitsulo, pambuyo pake bwana wa kuofesi ya bungwe lija, mimba patsogolo, magalasi akuda kumaso. Anazungulira ndege yathu akugwedeza mutu.

"Mukudziwa kuti latsopano lichokera ku Joni?" anafunsa. "Ndege ikhala pansi mpaka liti? Mankhwala a kumisasa ayenda pa chiyani? Ripoti ndilemba kuti chiyani, kuti galasi linatsukidwa ngati poto?"

Makaniko anaseka. Bwanayo anali ndi mfundo, sindikana. Koma ine maso anga anali pa mipando yopanda anthu ya m'ndege inayo.

"Bwana," anatero a Nicholas, "nkhani ya galasi tikambirana. Muli wodwala m'kanyumbako. Makaniko akutsala kuno, ndiye malo alipo. Mutengeni."

"Ndege iyi si yathu. Inshuwalansi yake siilola wodwala, makamaka munthu wopanda mapepala. Akafera m'mwamba, ayankha ndani?"

"Ndiyankha ine."

"Inu a Nicholas, yambani mwayankha za ndege yanuyi."

Ndinagwada. Ine amene ndinkamuseka Abiba mumtima chifukwa cha nkhuku yake, ndinagwada m'fumbi n'kugwira nsapato ya munthu. Anabweza phazi lake mwaulemu ndithu.

"Ndiwe wotsuka uja? Anthu inu timakuthandizani, koma onani zimene mumatibwezera. Lole ya chimanga ikubwerera mawa yopanda kanthu. Ndauza dalaivala akutengeni. Ntchito yako yathera pano."

Asananyamuke, kunabwera anyamata awiri kuchokera kudooko atanyamula bokosi lalitali la ayezi, lodzaza chambo cha kunyumba kwa bwana. Anapinda mpando wakumbuyo n'kuligoneka bwinobwino, anaikanso zotchingira m'mbali kuti lisagwedezeke. Ndinaliyeza ndi maso. Linali lalifupi pang'ono chabe kuposa Halima.

Tinayala masaka opanda kanthu kumbuyo kwa lole. Abiba anatsamiritsa mutu wa mng'ono wake pamiyendo pake, ine ndinagwira miyendo. Dalaivala anali munthu wabwino, ankayenda pang'onopang'ono ngati ali pamaliro, koma dzenje ndi dzenje. Lililonse ndinkalimva likudutsa m'thupi la Halima n'kufika m'manja mwanga. Titawoloka pa mlatho wokokoloka paja, anasiya kuluma mpango. Anandikodola ndi chala.

"Che Uladi."

"Ndili pano."

"Achemwali musawakalipirenso. Ankafuna ndikwere ndege yoyera."

"Ndamva. Usayankhule."

"Ine ndinkaiopa ndegeyo," anatero, akuyesa kuseka. "Koma ndinkafuna ndione nyanja kuchokera kumwamba. Mumati imaoneka ngati lichero."

Ku Liwonde sitinafike. Ndinamenya denga la lole, dalaivala anaima, anavula chipewa, n'kutembenuza galimoto. Pobwerera anayenda mwachangu, poti panalibenso woti n'kumusamala.

Tinamuika m'manda a eni dziko, kumapeto, pafupi ndi tchire. Pempho lake ndinalisunga ndendende: Abiba sindinamukalipirenso. Komanso sindinamuyankhulenso. Mwa mwambo wathu mwana ndi wa kuchikazi, choncho Ajira anakulira kwa mayi ake aakulu, ndipo ine ndinkamuonera pamsewu, ndikumuitana ndi mluzu ngati wakuba. Ndiwo zochokera m'mapoto owala aja ndinkazibweza momwe zabwerera. Shehe wa m'mudzimo anandikhazika pansi kangapo. Ankati mayiyo sanadziwe, anachita ndi mtima wabwino. Ndinkawayankha kuti ndamva. Chimene chinkandiwawa n'chomwecho: bwana wa chambo uja ndikanatha kumuda momasuka, ndipo ndimamudabe mpaka lero, koma iye anakwera ndege yake n'kupita. Wa mtima wabwinoyo ndi amene ndinkakumana naye pachitsime tsiku ndi tsiku.

A Nicholas anasamutsidwa. Ine ndinayamba kukoka nawo makoka a anthu, ndipo zikhatho zanga zinauma mpaka sindikanamvanso kamchenga ngakhale katakula ngati njere ya mpunga.

Nkhondo itatha, malole anayamba kubweza anthu kwawo. Ndinamva kuti Abiba walembetsa, ndipo akupita ndi Ajira. Ine ndinatsala, chifukwa sindikanasiya manda opanda wolambula. M'mawa wa tsiku la ulendo wawo ndinapita kukatsanzikana ndi mwana wanga, ndipo kanali koyamba kuponda pakhomo pamenepo chimwalirire Halima. Katundu anali atamangidwa kale pakhonde, mapoto ali m'thumba. Ajira anandigwira dzanja.

"Amayi aakulu ali kuseri. Akutsuka galasi lawo."

"Galasi lanji?"

"Lija la ndege. Amalitsuka m'mawa uliwonse, asanaphike n'komwe. Ine amandiletsa kuligwira."

Ndinazungulira nyumba. Linali litayedzamira mtengo wa papaya, m'kati mwa mpanda wa udzu, litakhazikidwa pa nsanza kuti lisakhudze dothi. Makaniko uja analitaya kudzala, ndipo iye ayenera kuti anakalitola n'kulisenza pamutu. Kamalo kanga ka mbale kanali pomwepo. Abiba anali atagwada patsogolo pake. Anali ataonda, imvi zikutulukira m'mphepete mwa mpango. Chibangili chake chinali pansi, pambali. Ankalisisita ndi chikhatho chopanda kanthu, kuchokera pamwamba kutsika pansi, kuchokera pamwamba kutsika pansi, momwe ndinamukuwira tsiku lija.

Anamva mapazi anga koma sanatembenuke.

"Pa lole akana," anatero. "Akuti ndi zinyalala."

Anatunga madzi ndi chikho n'kuthira kuyambira pamwamba. Madzi anatsetsereka, ndipo galasi linatseguka lonse. Ndinaona mpanda kuseri kwake, tsamba lililonse la papaya, thambo lopanda mtambo, ndi mwana wanga ataima mbali inayo atavala mpango wa mayi ake.

"Taonani, alamu," anatero ndi mawu otsika. "Likuoneka bwinobwino. Bwenzi atauluka."

Pamsewu lole inaliza hutala. Abiba anatunganso madzi mofulumira, koma chikho chinakwecha pansi pa ndowa. Tinaima pomwepo awirife, dzuwa likukwera, ndipo galasi linayamba kuuma kuyambira pamwamba: thambo linapita, kenako masamba, kenako nkhope ya mwanayo.